Uthenga Unadutsa pa Zenera la Mzikiti

Aida anali akupukuta fumbi pa makompyuta a sukulu pamene a Mwanabibi, mayi wina wa kumudzi, analowa osaodira, mpango utapendekeka, mapazi ali mbuu.

"Aphunzitsi, kachinthu kanu kaja kazimitseni."

Kachinthuko kanali kamaikolofoni kamene Aida anamangirira pa zenera la mzikiti wa m'mudzi wina kufupi ndi Nkopola. Iye anali Mkhristu wochokera ku Ntcheu. Atangofika ku Mangochi anaona kuti pafupifupi khomo lililonse lili ndi mwana ku Joni, ndipo ankati akawaganizira amakumbukira anthu a m'Malemba aja amene analephera kuimba m'dziko lachilendo. Choncho anakonza pulogalamu ya pafoni yoti anawo azimva azana ya kwawo, mawu oitanira anthu ku mapemphero, nthawi yomwe ikuitanidwa, pamodzi ndi atambala ndi mabelu a kabaza. Ashehe anavomera. Anthu oposa makumi asanu ankamvetsera m'mawa uliwonse.

"Chalakwika n'chiyani, amayi?"

"Mng'ono wanga Awa watisiya m'bandakucha. Tinamuimbira Che Jaffalie, mlongo wathu amene ali ku Joni, kuti akwere basi akamuuze Atumani, mwana wa malemuyu, atakhala naye pansi. Uthenga wa maliro a mayi suponyedwa ngati mwala. Koma mwazini, woitana azana uja, atamaliza swala analengeza pa chimkuzamawu, dzina ndi nthawi yoika. Mwana uja wamva ali yekha, akusesa m'shopu ya abwana ake."

Kansalu kanagwa m'manja mwa Aida. Iye ankagona ku nyumba za aphunzitsi, kutali ndi mudziwo, ndipo sanadziwe kuti chimkuzamawu choitanira anthu ku swala ndi chomwechonso cholengezera maliro.

"Sindinafunse," anatero motsitsa mawu.

"Safunsa anadya phula. Koma phula lake mwadyetsa mwana wanga." A Mwanabibi anakhala pa benchi. "Abwana ake akuti wataya tsache, watuluka. Foni sakuyankha. Ndipo mapepala ake okhalira m'dzikomo anatha kalekale. Akangoyenda mumsewu ngati wamisala, apolisi a kumeneko samufunsa kuti walira chiyani."

Aida anatsegula laputopu. Mayina a omvetsera anali atazima onse kupatula limodzi. Kadontho kobiriwira kanali kakuyakabe pa dzina la Atumani.

"Akumvetsera mpaka pano," anatero. "Foni sakuyankha, koma mzikiti sanausiye."

"Akumva chiyani? Kulibe munthu kumeneko, onse ali kusiwa."

"Mphepo basi. Mwina nkhuku."

Anakwera kabaza awiriwo mpaka ku mzikiti. Aida anaima panja, nawalozera a Mwanabibi pamene panali kamaikolofoni, kenako anazimitsa njira za anthu ena onse. Mayiwo anayandikira zenera monyinyirika, ngati munthu wouzidwa kuti alankhule ndi khoma.

"Atumani. Ndine mayi ako aakulu. Tinafuna kuti umve kwa munthu, osati kwa waya. Tikhululukire. Tsopano yankha foni, usatiwonjezere maliro ena."

Panapita mphindi zingapo. Aida anapemphera chamumtima, mawu ake osalongosoka. Kenako foni ya a Mwanabibi inalira m'nsonga ya chitenje.

"Ndili pa siteshoni ya sitima," anatero Atumani, mawu atasasa. "Ndinangokhala pansi. Ndimadikira kuti mwina abwereza, anena kuti analakwitsa dzina."

"Sanalakwitse, mwanangu."

Kenako Atumani anafunsa:

"Aphunzitsi ali pompo? Auzeni asazimitse. Sindifika, mukudziwa. Ndimve pomwe akuwaswalira amayi."

A Mwanabibi anapereka foni kwa Aida.

"Achimwene, ndine Aida. Ndakulakwirani kwambiri. Muli ndi ndani pamenepo?"

"Ndekha."

"Ndiye ndizimitsa. Uzani amalume anu siteshoni imene muli. Akafika, andiimbire okha, ndiyatsa."

"Mukundimana maliro a mayi anga?"

"Ayi. Ndinakumvetsani zowawa muli nokha kamodzi. Kachiwiri sindingathe."

Kadontho kobiriwira kanazima. A Mwanabibi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera kusiwa. Aida anatsala pansi pa mtengo wa mango, foni ili m'manja, dzuwa likukwera.

Che Jaffalie anaimba amuna atayamba kale kufola mizere panja pa mzikiti, jeneza yonyamulira mtembo ili kutsogolo.

"Ndamupeza. Ndamugwira dzanja. Yatsani, mama."

Aida anayatsa. Swalayo inali ya chete, kupatula mawu a ashehe otamanda ukulu wa Mulungu kanayi. Amuna atanyamula jeneza kupita kumanda, iye anamasula kamaikolofoni pa zenera, nakapereka kwa mwazini amene anatsalira kutseka chitseko.

"Kazikhala m'thumba mwanu, abambo. Muzikatulutsa pa azana pokha."