Nkhunzi ya a Shaba Yabereka

Maclean anabwera ku Mzimba Boma kuchokera ku Dedza ndi laputopu yosweka pakona ndi pakamwa posatopa. Ankaphunzitsa makompyuta kuseri kwa shopu ya mafoni ya mnzake Yakub, koma mtima unali ku Edingeni, kwa Linily. Vuto linali bambo ake a mtsikanayo, a Shaba, eni khola lalikulu, amene anali atanenetsa kuti mwana wawo sangapite kwa munthu wosadziwa ng'ombe.

Ndiye Maclean anati awagometse ndi pulogalamu yoyang'anira khola. Anapanga kalasi, chikombole choumbira ng'ombe iliyonse m'kompyutamo, n'kuitcha Ng'ombe. Kenako anayamba kuithira mamethodi, ntchito zoti choumbidwacho chizichita: idya, imwa, gona. Inatsala ya bereka. Ankadziwa bwino kuti imeneyi malo ake ndi m'kalasi ina ya zazikazi zokha, koma mpira unali utayamba pa TV ya Yakub.

"Aaa, ng'ombe ndi ng'ombe," anatero, n'kuiponya pa Ng'ombe pomwepo.

Loweruka anafika ku Edingeni suti ili mbuu ndi fumbi. A Shaba anakhala pakhonde ndi abale awo, Linily akusuzumira pawindo.

"Adada, makina awa sanama," anatero Maclean. "Ndikuonetseni khola lanu chaka chamawa."

Anadina batani n'kuyamba kuwerenga mokweza ngati wapawailesi. "Kamdidi wabereka. Nyamazao wabereka. Chigumula wabereka mapasa!"

Onse pakhonde anatembenukira kukhola. Chigumula mwiniwake anali chiimire pakhomo pa khola, linunda ngati chulu, umboni wonse wa umuna wake ukulendewera poyera.

"Yewo chomene, mwana wanga," anatero a Shaba pang'onopang'ono. "Ine zaka zonsezi kumangoti ndili ndi nkhunzi."

Abale aja anagwa nako kuseka.

"Ndi kamethodi chabe, adada, kakhala polakwika. Ndikonza pompano."

"Ayi, ndapota, usakonze. Wanena wekha kuti makina sanama. Mbwenu, basi tidikire. Tsiku limene Chigumula adzabereke, udzatumize ankhoswe, Linily ndi wako."

Windo lija linatsekeka.

Nkhani inafika ku Boma iye asanafike. Lolemba m'mawa ali zyoli kuchotsa bereka pa Ng'ombe, Yakub anasuzumira pakhomo, nkhope yachifundo ngati wobwera kudzazonda kuchipatala.

"Achimwene, tamva uthenga wabwino. Mayi ndi ana agona bwanji?"