Khomo Limene Sindinatsegule

Kuno ku Mphunzi anthu amandiitanabe kuti azamba, ngakhale papita zaka ndisanalandire mwana. Dzina langa ndine Anjelina. Ambiri mwa anyamata amene amakweza matumba a kachewere m'malole anafikira m'manja mwangamu, ndipo ndikawaona akuyenda monyada ndimaseka chamumtima, poti ndinawaona ali ofiira ngati ana a mbewa.

Lamulo linabwera ndi mlangizi wa zaumoyo, mnyamata waulemu wake. Anandiuza kuti boma laganizira moyo wa amayi, choncho aliyense azikachirira kuchipatala. Wochirira pakhomo alipira mbuzi, mzamba womuthandiza nayenso mbuzi, ndipo mzambayo akabwereza, nkhani ipita kupolisi.

"Kodi mimbazo ndi za boma?" ndinamufunsa.

"N'zokomera inu nomwe, agogo," anatero uku akumangirira panjinga yake beseni, malezala ndi ulusi zimene boma lomwelo linandipatsa kale.

Sindikunena kuti azamba tinali angelo. Ena anapweteka anthu ndi mankhwala ofulumizitsa. Ine ndikaona kuti mwana wagona chopingasa, ndinkatumiza mayi kuchipatala msangamsanga. Koma chipatalacho chili kuseri kwa mapiri awiri, ndipo amati mayi apite masiku asanakwane, akadikire komweko ndi ufa wake ndi nkhuni zake. Olemba lamulo sananene kuti ana otsala kunyumba awaphikira ndani. Ndinaliswa kamodzi lamulolo, mbuzi yanga inapita, ndipo kuyambira pamenepo mantha anandilowa mpaka m'mafupa.

Jesinta, mkazi wa Gervazio wa kutsidya kwa khwawa, ana ake atatu onse ndinalandira ndine. Pa mimba yachinayi anati kokadikira sapitako.

"Thupili ndi langa, amayi, ndikulidziwa. Ndikumbe kaye mbatata yanga."

Ndinamuuza kuti tsiku likafika asadzabwere kwa ine. Anangomwetulira, kuyesa kuti ndikunena za pakamwa chabe.

Linafika m'mwezi wa Juni, m'mawa wina wa nkhungu yoti sungaone ngakhale nkhokwe yako. Ndinali nditasonkha moto m'nyumba chifukwa cha chisanu. Nditamva njinga ikuima pabwalo, ndinasuzumira pamng'alu wa chitseko ndi kuona Gervazio akutsitsa mkazi wake. Ndinakoka mpiringidzo mwakachetechete, n'kukhala pansi.

"Odi, amayi!" anaitana Gervazio. Anaitana katatu, ine duu.

Kenako ndinamva mawu a Jesinta pafupi penipeni ndi chitseko. "Amayi, utsi ukutuluka padenga. Muli momwemo."

"Pitani kuchipatala, ana inu. Nthawi ikadalipo," ndinayankha khomo lili chitsekere. Linali bodza. Kapumidwe kake kokha kanandiuza kuti mwana watsika kale.

"Ndasankha ndine kubwera kwa inu. Mbuzi ndipereka zonse ziwiri, yanga ndi yanu."

"Nanga kupolisi ukandipitira?"

Ndinamumva akubuula atatsamira khoma, mwamuna wake akumunyengerera kuti akwere. Tcheni cha njinga chinalira mpaka kuzimiririka, ine ndili chikhalire pamoto.

Zotsatira ndinamva kwa ena. Sanapitirire dambo la kumunsi kumene kuli madimba. Jesinta anatsika, nagona paudzu wa mame. Kwathu kuno mwamuna sayandikira pamene mkazi akuchira, ndipo Gervazio ndi munthu woleredwa bwino. Anamuyalira nsalu, anapita poteropo, anatembenukira kuphiri, n'kuyamba kukuwa kuti azimayi abwere kudzathandiza. Koma ndi chisanu chimene chija kumadimba kunalibe munthu. Pamene a Filomena, mayi wamkulu wa kumpingo kwathu, ankafika, mwana anali atabadwa kale ndipo sanalire.

Jesinta ali moyo. Mpaka lero tikakumana pachitsime amandipatsa moni wogwada, osandinenera kanthu. Bwenzi atanditukwana, mwina ndikanapepukidwa. Nkhungu ikagwa sindisonkha moto m'nyumba, ndimangofunda bulangete, chifukwa ndikangoona utsi ukukwera kudenga ndimamva mawu ake pachitseko.

Masana a tsiku la nkhungu lija a Filomena anabwera kwanga. Ulendo uno ndinatsegula.

"Tiyeni, azamba. Mtayo ukudikira ife."

Mwana wobadwa wakufa sakhomeredwa bokosi ndipo saimbiridwa nyimbo. Amakaikidwa ndi amayi achikulire okha, m'dzenje losaya kumphepete kwa manda, ndipo palibe wololedwa kulira. Ntchito ya mtayo imeneyi ndinkaitsogolera ndine kuyambira kale. Koma taonani mmene mantha amapusitsira munthu. Ine, nkhalamba yaimvi, ndinafunsa kuti, "Kodi zimenezi n'zololedwa?"

"Kuika sanaletse," anatero a Filomena.

Tinapita anayi, khasu limodzi. Dzenje litakumbidwa anandipatsa kamtolo kaja, kokulungidwa m'nsalu yomwe ija ya kudambo, monga mmene anakatolera. Ndinafunyulula kuti ndimukonze. Anali mwana wamwamuna, wonenepa, watsitsi lambiri, wokwana chilichonse. Mchombo unali utazungulira khosi kawiri.

Sindinaganize n'komwe. Chala changa chinalowa chokha pansi pa mchombowo n'kuudutsitsa pamutu, kamodzi, kawiri. Ndi ntchito imene ndinaichita kosawerengeka, nthawi zina uku ndikukalipira mayi kuti asiye kukuwa. Siitenga nthawi yoposa kumeza malovu.

Khosi litamasuka, manja anga anapitiriza zimene anazolowera. Ndinamutembenuza chafufumimba padzanja, n'kuyamba kumusisita pamsana. Anali wozizira ngati mwala wa pamtsinje. Ndinamuuzira mpweya kumaso, ndinamumenya pang'ono kuphazi, n'kubwereranso pamsana.

"Basi, azamba," anatero a Filomena, atandigwira mkono.

"Dikirani, ena amachedwa," ndinawayankha.

Amayi enawo anayang'ana pansi. Ndinapitiriza kusisita mpaka anachita kundilanda.