Voti ya Falansa

Maribel Dacanay sanali mwana wosunga zinthu kukhosi. Mkulu wake akamudyera lumpia, timitanda tokazinga ta nyama m'kati, timene wabisa mufiriji, pofika madzulo amakhala ataiwala kale. Koma za Tobias Friesen anazisunga chaka chathunthu, n'kumazithirira ngati duwa la pawindo.

Zinachitika pa msonkhano woyerekezera wa Bungwe la Mayiko Onse, uja umachitika mwezi wa February pa hotela ya m'kati mwa Winnipeg, pomwe ana a m'masekondale amavala majekete a makolo awo n'kumadzitcha mayiko. Chaka chimenecho Maribel anali nthumwi ya Bolivia. Anawerenga mpaka maso kuwawa. Koma nthawi yake yolankhula itakwana, anaimirira, anaona nkhope zonse zija, mawu n'kumuthawa. Anangoti, "Olemekezeka wapampando," basi, n'kukhala pansi.

Tsiku lotseka pamakhala kamwambo ka nthabwala kopatsana mphoto zolembedwa pa mbale zapepala. Tobias, mnyamata wamtali wa pasukulu ina ya kutsidya kwa mtsinje, anakweza chikwangwani chake.

"Mphoto ya Dziko Lomwe Sitinadziwe Kuti Labwera ipite ku Bolivia," anatero. "Ngati alipo. Bolivia, mulipo? Gogodani kamodzi patebulopo ngati mukutimva."

Chipinda chonse chinafa nalo phwete. Naye Maribel anaseka, ndipo ichi n'chimene chinkamuwawa kuposa zonse: anaseka nawo, anapita kutsogolo kukalandira mbaleyo, mpaka anati zikomo.

Sanauze munthu. Chimene anachita n'kuyamba kuwavutitsa a Lavallée, aphunzitsi a mbiri yakale amene ankayang'anira kalabu yawo. Ankafuna mpando mu Khonsolo ya Chitetezo, chifukwa onse osaka kanyundo ka wapampando, mphoto ya nthumwi yopambana, amathamangira kumeneko, ndipo Tobias sakanalephera. Komanso sankafuna mpando wamba. Ankafuna limodzi mwa mayiko asanu aja amene akangoti ayi, ntchito ya anzawo onse imagwera pansi.

"M'menemo amadyana amoyo, ukudziwa?" anatero a Lavallée.

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

"Ndipo uyenera kulankhula. Osati kunong'oneza kolala yako. Anthu amve."

"Ndiphunzira."

Anaphunziradi. Ankatsikira m'chipinda chapansi makina ochapira akulira, kuti asamveke kumwamba, n'kumalankhula kwa mashelefu a utoto ndi nsapato za pachisanu. Amayi ake ankadabwa kuti mwanayu wayamba liti kukonda kuchapa. Pamapeto pake a Lavallée anamupatsa Falansa.

February anafika ndi chisanu chake choumitsa mphuno. Maribel atangopachika chikhoti n'kukhala pampando, anaona bokosi la madonasi likutera patsogolo pake.

"Falansa! Ndiwe amene ndimakusaka. Ine Tobias, Norway. Tenga wa chokoleti asanathe. Ndiwe watsopano, eti?"

Maribel anamuyang'ana m'maso kudikira kuti mwina akumbuka. Ayi ndithu, nkhope yake inali mbee, yachimwemwe chokhachokha. Chaka chonse chija Maribel ankagona ndi dzina la mnyamatayu pamtima, mwiniwake osadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli Maribel.

"Tinene choncho," anayankha, n'kutenga donasi.

Nkhani ya chaka chimenecho inali ya Karvela, chilumba chimene okonza msonkhano anachipeka: nkhondo yapachiweniweni, madoko otsekedwa, anthu akufa ndi njala. Ndipo chilungamo chake, Tobias ankatha. Nthawi ya zokambirana zomasuka ikakwana, onse ankamuunjirira ngati nyerere pa shuga. Ankadziwa kuseketsa China, ankadziwa kunyengerera Russia, ankadziwa kupatsa aliyense kachiganizo kake m'chikalata cha mfundo kuti adzimve mwini. Anzake a kusukulu kwake ankanena poyera kuti chikalatacho chikangodutsa, kanyundo ndi kake. Chinali chaka chake chomaliza, ndipo kanyundoko kanali kasanamugwerepo.

Mipando inkatsata zilembo za mayiko, ndiye pafupi ndi Falansa panali Gabon: Oksana Hrynyk, mtsikana wa tsitsi lofiirira amene ankatafuna chivundikiro cha cholembera. Oksana analibe nazo ntchito za mphoto. Iye anagwira ndime imodzi yokha, ya ana osiyana ndi makolo pothawa nkhondo, n'kuilemba, kuifufuta, kuilembanso. Pa nkhomaliro anagawana ndi Maribel ma perogi, timitanda ta mbatata m'kati tophika amayi ake, n'kumuuza kuti azisuweni ake awiri akugona m'chipinda chake chifukwa nawonso anathawa nkhondo kwawo.

"Ndikudziwa kuti ndi masewera," anatero Oksana. "Koma ndikufuna idutse, ngakhale m'masewera momwemo. Uli nafe, eti?"

"Falansa akumvetsera," anatero Maribel.

Ndi yankho lomwelo limene ankapatsa Tobias akabwera kudzamuzungulira. Silinali bodza kwenikweni, ndiye ankadzilimbitsa nalo mtima. Chikalatacho anali atachiwerenga kale mosamala, ndipo anali atapeza pamene chinali chofooka: asilikali osungitsa mtendere ankapita ku Karvela popanda chilolezo cha boma la kumeneko, ndipo panalibe ponena kuti adzachokako liti. Akanangotchula, Tobias akanakonza pompo. Anatseka pakamwa. Anasunga zibowo ziwirizo ngati ndiwo za mlendo.

Lamlungu masana zitseko zinatsekedwa kuti avote. Wapampando, mtsikana wa kuyunivesite wa mawu osasa, anati aitana dziko limodzilimodzi. Tobias anali atamasula kale taye, akumwetulira aliyense.

"Brazil?"

"Inde."

"China?"

"Sitivota mbali iliyonse."

"Ecuador?"

"Inde."

Maribel anamva chigongono cha Oksana chikumugunda pang'ono, kugunda kwa chinzake. Akanatha kungoti sakuvota mbali iliyonse, chikalata n'kudutsa, ndime ya ana n'kudutsa, iye n'kupita kwawo ali ndi mnzake watsopano. Anaganizadi zimenezo, asaname. Kenako anaona Tobias akutsinzinira diso mnzake wina wa kumbuyo.

"Falansa?"

"Ayi. Ndipo tipempha mpata wofotokoza."

Mawu ake anamveka mpaka kukhomo. Wina anagwetsa cholembera. Wina kumbuyo anati, "Heee!" wapampando n'kumenya kanyundo.

Chimene Maribel sanachiganizire m'chipinda chochapira chija n'chakuti lamulo silisiyira panjira. Chikalata chinali chitafa kale, koma wapampando anayenera kuitanabe mayiko otsalawo, aliyense avotere mtembo.

"Gabon?"

"Inde," anatero Oksana, mawu ake ali ang'onong'ono, maso ali patebulo.

Mayina anapitirira. Inde. Inde. Kenako, "Norway?"

Tobias anali atafiira mpaka m'makutu. Anatsegula pakamwa, anatseka. Wapampando anabwereza: "Norway, tikudikira." Chipinda chonse chinamuyang'ana, mnyamata amene mawu sankamuthera, akufunafuna liwu limodzi lokha.

"Inde," anatero pomaliza, ngati akumeza mwala.

Kukoma kumene Maribel anamva panthawiyo sangakufotokoze kwa amayi ake, kapena kwa wansembe. Kunayambira m'mimba n'kukwera mpaka kumasaya.

Atapatsidwa mpata, anaimirira n'kufotokoza za chilolezo cha boma ndi za tsiku lochoka asilikali. Sanachite chibwibwi. Sanayang'ane papepala. Anamaliza nthawi yake yonse, n'kuthokoza wapampando, n'kukhala pansi. Apo Oksana anasuntha mpando wake kutalikirana naye pang'ono, pang'ono pokha, koma mwendo wa mpandowo unalira pansi.

Tobias anamupeza pakhonde pafupi ndi zikhoti.

"Iwe, n'chiyani chimenechi? Ukanandiuza dzulo! Timizere tiwiri timeneto ndikanakonza ndili chiimire!"

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa? Ndiye bwanji? Wadya madonasi anga masiku onsewa ukundiyang'ana! Ndinakulakwira chiyani ine?"

Funso limeneli Maribel analiyembekezera chaka chonse, ndipo yankho lake anali ataliyeserera kambirimbiri pamaso pa mashelefu aja. Koma ataona m'mene mnyamatayo ankafunira kudziwa, m'mene maso ake ankasakirasakira pankhope pake, anazindikira kuti kumuuza n'kumupatsa mphatso. Akanapepesa, akanaseka kuti zinali nthabwala chabe, n'kukagona tulo tabwino.

"Ndi mfundo za dziko la Falansa," anatero, n'kuzipa chikhoti chake mpaka pachibwano.

Kanyundo kanapita kwa mtsikana wa Brazil. Tobias anaitanidwa kukalandira kapepala koyamikira, ndipo anapita akuyang'ana nsapato. Maribel sanatchulidwe n'komwe. Oksana anatuluka mwambo usanathe.

M'basi yobwerera, a Lavallée anadzakhala pampando wa kutsidya kwa kanjira, kapu ya khofi ili m'manja.

"Walankhula bwino lero. Ndinamva ndili kumbuyo kwenikweni."

"Zikomo, aphunzitsi."

"Zifukwa zako zinali zolimba ndithu. Kungoti zifukwa zolimba chonchija munthu amazitulutsa nthawi ikadalipo." Anapsontha khofi. "Zinali za Falansa, kapena zako?"

Maribel anapukuta nthunzi pawindo ndi golovesi. Kunja magalimoto ankayenda pang'onopang'ono m'chipale chofewa chodetsedwa.

"Sindikukakamiza," anatero a Lavallée. "Ana ambiri amachoka kuno ataphunzira kulemba ndime ndi kumanga taye. Iwe waona chimene dzanja limodzi lingachite kwa manja ena onse m'chipinda. Chaka chamawa ndikupatsa kadziko kakang'ono, kopanda mphamvu yokana. Ukaone mbali inayo."

"Mbali inayo ndikuidziwa kale, aphunzitsi."

A Lavallée anabwerera ku khofi wawo.

Maribel anatulutsa foni. Nambala ya Oksana anali nayo, anapatsana pa nkhomaliro paja. Analemba zambiri, za ndime ya ana, kuti inali yabwino kuposa zonse m'chikalatamo, kuti sanalimbane ndi iye. Anafufuta zonsezo n'kutumiza liwu limodzi: Pepa. Posakhalitsa foni inaonetsa kuti uthengawo wawerengedwa. Anadikira basi ikudutsa pa mlatho, anadikira ikuima pa maloboti. Yankho silinabwere.

Anafufuza mumtima kuti aone ngati akanabweza voti ija atapatsidwa mwayi, ndipo anachita manyazi ndi chimene anapeza: sakanaibweza. Anakweza sikafu mpaka pamphuno kuti aphunzitsi asaone pakamwa pake.