Milungu M'beseni

Elube anafika padooko la nyanja ya Chiuta ali wefuwefu, thumba lopanda kanthu pamutu, buku m'khwapa. Bwato la che Hamadi linali pafupi kunyamuka, ndipo malo anatsala a munthu mmodzi basi.

Chaka chimenecho njala inavuta zedi. Kwa a Elube ankangodya mango osapsa owiritsa, mpaka m'mimba kumalira ngati muli achule. Ndiye kunamveka kuti tsidya, ku Mozambiki, kuli ganyu wolima amene akulipira chimanga. Mayi ake anali ndi khanda, moti woyenera kupita anali Elube yemweyo. Bwatolo likanamusiya, ndiye kuti kunyumba mango omwewo.

M'bwatomo munali kale amayi awiri ndi a Willard, mkulu wa mpingo. A Willard ndi che Hamadi, omwe anali Msilamu, akakumana, mkangano wa zachipembedzo mpaka mawu kusasa, koma kusiyananso ayi kkkk.

Elube atangoponda mwendo umodzi m'bwato, che Hamadi anaona chikuto cha bukulo. Panali chimunthu chanyanga, chitagwira mphezi m'manja ngati mzimbe. Anafunsa kuti ameneyo ndi ndani. Ndiye Elube, m'malo mongoti ndi buku la kusukulu, anayankha monyadira kuti ndi mulungu wa mvula, ndiponso kuti m'katimo muli milungu ina mbwee, ina mpaka imakwatirana.

Eee, che Hamadi nkhafi pansi.

"Asitafurulahi. Tsika, mwanangu. Iwe ndi milungu yakoyo, m'bwato mwanga iyayi."

Elube anayang'ana a Willard poganiza kuti amuikira kumbuyo, paja iwo savomereza chilichonse chotuluka m'kamwa mwa che Hamadi. Koma tsiku limenelo anavomereza. Anati Mulungu ndi mmodzi, ndipo panyanja si poyeserera zinthu. Amayi aja anachita kuyang'anana, anali asanawaonepo awiriwa ali mbali imodzi.

Mtsikanayo anaganiza zolisiya bukulo kumtunda. Koma asiyire ndani? Linali la ku laibulale ya kusukulu, ndipo ogulitsa kanyenya padookopo akanalitha lonse kukulungira nsomba. Komanso che Hamadi anati kulisiya sikuthandiza, milunguyo inamulowa kale m'mutu. Apa n'kuti bambo wina wa thumba lake atayamba kusendera pafupi, maso ali pamalo paja.

A Willard ndi amene anati kumpingo kwawo munthu samudula asanalankhule, mwanayu anene kaye zili m'bukumo.

Elube sanadikire kuuzidwa kawiri. Anati milungu itayambana, wa mvula uja anatsekera mitambo yonse m'phanga, dziko n'kuuma gwaa. Ndiye ananyamuka atatu kukaitsekulira: mtsikana wogulitsa mchere, nkhalamba yakuba ya diso limodzi, ndi mbuzi yolankhula yomwe inkangodandaula za njala njira yonse. Elube ankachita kusintha mawu, pofika pa mbuzi n'kumalira mee, manja uku ndi uku, mwiniwakenso akufa nako kuseka. Amayi aja anati mbuziyo ndi a Willard enieni. A Willard anati ngati zili choncho, wakubayo akumudziwanso, ali ndi bwato. Che Hamadi anangowerama n'kumakapa madzi ngati sakumva, koma ankakapa pouma kkkk.

Nkhani itafika pomwe mulungu wa mtsinje anagwira mbuzi ija mwendo n'kuyamba kuikokera pansi pamadzi, anzake akukuwa kumtunda, Elube anangoti zii.

"Ndiye?" anatero che Hamadi.

"Ndalekezera pomwepo, bambo. Kutsogoloko sindinawerenge."

"Mbuziyo yafa kapena iyayi?"

"Zili m'bukumu."

"A Shehe," anatero a Willard akumwetulira, "mbuzi ya milungu yabodza yakukhudzani bwanji?"

"Ine ndikufunsira amayiwa."

Amayi aja anaseka mpaka bwato kupendama. Che Hamadi anayang'ana buku, n'kuyang'ana dzuwa lomwe linali litakwera kale, n'kuyang'ananso buku. Ananenetsa kuti iwo mawu awo sabweza, bukulo silikwera bwato lawo zivute zitani. Kenako anatsika, napita pathandala pomwe akazi awo ankayanika nsomba, n'kukhuthula matemba omwe anali m'beseni lapulasitiki la zogwirira, n'kubwera nalo besenilo. Anauza Elube kuti akulunge bukulo m'jumbo ndi kuliika yekha m'besenimo, iwo salikhudza. Atatero anamanga beseni lija ndi chingwe kumbuyo kwa bwato.

"Kwera, iwe. Milungu yako izitilondola. Koma tikafika tsidya, usanagwire khasu utiuze kaye za mbuzi."

Elube anachita kudumphira, thumba lake n'kulikumbatira pamiyendo. Bambo uja anatsala padooko akung'ung'udza kuti masiku ano mabuku akuwoloka, anthu kutsala.

Bwato linalowa m'mabango, beseni likuyandama pambuyo ngati kabakha kotsatira make. Che Hamadi, omwe anthu onse amawadziwa kuti amapalasa ngati akuthawa ng'ona, tsiku limenelo ankayenda pang'onopang'ono, ndipo kafunde kakangobwera ankawauza a Willard kuti atembenuke, aone ngati m'besenimo simunalowe madzi.