Bokosi la Foni Yatsopano

Inês anali kupalasa phulusa ndi khasu m'chipinda chomwe ankagona bambo ake pamene anatulukira kachitsulo kopindika ngati tsamba la fodya louma. Anakazindikira pomwepo. Anakaponda ndi phazi.

"Wapeza chiyani kumeneko?" anafunsa a Yesaya, bambo ake aang'ono, atasuzumira pazenera lopanda chitseko.

"Palibe, bambo. Misomali basi."

A Yesaya atachoka, Inês anawerama n'kukamanga pa nsonga ya chitenje. Kanali kotsala ka foni.

Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a bambo ake, a Alfredo. Nyumbayi anamanga okha atabwerako ku Malawi nkhondo itatha, Inês ali wa kumsana. Anapeza pamalopo pali tchire ndi mitengo iwiri ya mango, anaumba njerwa, anafolera udzu, patapita zaka anaika malata, kenako sola padenga. Aliyense wodutsa njira ya ku Massangulo ankaonetsedwa solayo, afune asafune. Nyumba yomweyo ndi imene inawapha, dzuwa lili paliwombo, ali mtulo ta masana. Anthu pothyola chitseko anapeza utsi utawamaliza kale, moto utalowa m'chipinda cha fodya.

Mudzi sunachedwe kupeza wolakwa. Akazi awo achiwiri, mayi Madalena, anali atasiya nyemba pa mbaula pakhonde n'kupita kudimba. Mayiwa anachokera ku Etatara, anakwatiwa mayi ake a Inês atamwalira, ndipo m'nyumbamo sanaberekemo mwana. Munthu wotere mlandu suchedwa kumukwana. Palibe amene anafuna kuona kuti mphika wa nyembawo unapezeka uli chikhalire pa mbaula, wosagubuduka n'komwe.

Inês yekha ndi amene ankadziwa komwe moto unachokera, kapena tinene kuti ankaganiza kuti ndi yekha.

Miyezi inayi m'mbuyomo, bambo ake anam'pempha foni. Iye ankagulitsa nsalu m'sitolo ku Cuamba, ndipo kumudzi munthu wa m'sitolo amamuyesa mwini sitoloyo. Foni yake yakale inali itayamba kutentha, chivundikiro chitadzuka kumbuyo. Anapita nayo kwa wokonza mafoni kumsika.

"Achemwali, bateriya iyi yatupa," anatero wokonzayo. "Musaitchajenso. Zikafika apa zimayaka zokha, makamaka mukaisiya pa matiresi kapena pansi pa pilo. Moto wake suchenjeza."

Inês anamva bwinobwino. Anagula foni yatsopano, yake, yamakamera atatu. Yakaleyo anaikanikiza chivundikiro, anaiveka kava wonyezimira, n'kuiika m'bokosi la yatsopanoyo. Anadziuza kuti nkhalamba siimba foni kawirikawiri, ndipo pa Khirisimasi adzawagulira ina. Bambo ake polandira anavula chipewa.

M'mawa wa tsiku lachinayi abale anakhala pansi m'chigafa cha fodya, poti ndi denga lokhalo lomwe linatsala. A Yesaya anayamba ndi kutsokomola kwawo kwa pamilandu.

"Alamu, ife sitikukuthamangitsani ayi," anatero, zomwe zimatanthauza kuti akuwathamangitsa. "Koma mkulu wanga anapulumuka zipolopolo, anapulumuka njala ya ku Malawi, kudzafa ndi mbaula ya nyemba? Anthu akakuonani pano mitima iziwawa. Loweruka tikameta, mupite mukapume kwanu ku Etatara. Munda ndi dimba ndiziyang'anira ine."

Dimba limenelo a Yesaya analiyang'anira ndi maso kwa zaka makumi awiri, aliyense ankadziwa.

"Muli ndi mawu, alamu?"

"Ndamva," anatero mayi Madalena, akuthyola kamtengo tizidutswatizidutswa.

"Nanga mwana wa malemu?"

Maso onse anatembenukira kwa Inês. Kachitsulo kaja kanali pantchafu pake, mkati mwa mfundo ya chitenje. Anaona azakhali ake, anaona akuluampingo omwe pamaliro anamutchula kuti mwana wosamala kholo. 

"Akuluakulu mwanena kale," anatero.

Manyazi amene anam'gwira pamenepo sanali a masewera. Anadziona wonyansa, ndipo analidi wamantha.

Masana anapeza mayi Madalena kuseri kwa khitchini, akulongedza. Katundu wake sanali wochedwetsa munthu: zitenje ziwiri zopatsidwa ndi anansi, mbale, ndi sutikesi yachitsulo imene anthu anaikokera kunja moto usanafike pabalaza. Inês anakhala pa njerwa. Anamasula mfundo ija n'kuika kachitsuloko pansi, pakati pawo.

"Si mbaula, amayi."

Mayi Madalena anangokayang'ana kamodzi.

"Ndikudziwa."

"Foni ija sinali yatsopano. Inali yanga yakale. Wokonza anandiuza kuti ndiitaye, ine ndinaibweretsa kuno."

"Iwe, ukuyesa bambo ako anali mwana? Anadziwa tsiku lomwelo. Unaiwala kufufuta zithunzi zako."

Inês anagwira pakamwa.

"Zithunzi za zaka zitatu," anapitiriza mayiwo. "Uli m'sitolo, uli pa siteshoni ya sitima, uli ndi anzako mwavala zofanana. Akadya masana ankagona chagada n'kumaziona chimodzichimodzi, amvekere, 'Madalena, taona mwana wanenepa.' Bateriya yake sinkachedwa kutha, ndiye ankaona ili pa tchaja, pamatiresi pomwepo. Itayamba kutupa kwambiri anaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Tulo tikabwera ankaiika pansi pa pilo, ati mutu wawo uziikanikiza iphwe."

"Simunawaletse?"

"Ndinawauza kuti chinthuchi chikutentha ngati mbatata yootcha. Anati, 'Chinthu cha mwana wanga sichingandiotche.' Nanenso sindinkadziwa kuti chimayaka. Ndinkangoti chidzafa n'kusiya kuimba." Anapinda chitenje, n'kuchipindanso. "Tsiku lija ndinawasiya ali nayo m'manja."

"Nanga bwanji simunanene m'chigafa muja? Akukulandani dimba, amayi!"

"Anandilumbiritsa. Anati, 'Nkhani ya foniyi isadzatuluke pakamwa pako. Mwana anachita zimene anatha, usadzamuchititse manyazi.' Ndiye ndikanatani? Munthu sanathe sabata m'manda, ine ndiyambe kumuphwanyira mawu?"

Inês analira kulira kumene sanalire kumanda, koipa, kwa mamina. Mayi Madalena sanamutonthoze. Anam'siya mpaka atatopa, kenako anam'patsira madzi m'chikho.

A Yesaya anali akadali m'chigafa ndi azakhali ndi akuluampingo awiri, akukambirana za Loweruka. Inês anagwada pakhomo, n'kuika kachitsulo kaja pa mphasa. Anafotokoza zonse, osasiya ngakhale za kava wonyezimira. Mawu a wokonza mafoni anawabwereza momwe anawamvera. Za bokosi nazonso anazinena.



"Ndiye kuti unkadziwa?" anafunsa azakhali.

"Ndinkadziwa, azakhali."

"Ndipo m'mawa muja unangokhala, mnzako akusenza mlandu wako?"

"Ndinangokhala."

Azakhali anaomba m'manja kamodzi n'kuyang'ana kumbali. Kuyang'ana kumbaliko kunam'pweteka Inês kuposa mbama.

A Yesaya anatola kachitsuloko, anakatembenuza uku ndi uku ngati akufuna kukapezera chifukwa china.

"Kanthu aka kangatenthe nyumba ya njerwa? Mwina mwanayu akungowamvera chisoni alamu."

"Mphika wa nyemba tinaupeza uli pa mbaula, a Yesaya," anatero mmodzi wa akuluampingo. "Tonse tinauona, tinangosankha kusalankhula. Mlandu suola. Mayi aja akhala pamalo pa amuna awo."

A Yesaya anatsokomola, koma ulendo uno panalibe chotsatira. Mkulu winayo anatulutsa foni yake m'thumba, anaiyang'ana kumbuyo, n'kuisisita ndi chala kuti aone ngati yadzuka.

Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva. Amayi amene dzulo lake ankam'gwira Inês paphewa tsopano ankam'patsa moni wa patali. Iye sanathawire ku Cuamba. Anatumiza mawu kusitolo kuti achedwa, n'kuyamba kusankha njerwa zosasweka, kuziunjika pafupi ndi mango. Nyumbayo inafunika kumangidwanso kachiwiri, ndipo womanga woyamba uja panalibe.

Dzuwa litapendeka, mayi Madalena anamuitana. Anali atatsegula sutikesi yachitsulo ija, akutulutsa zimene analongedza. Pansi penipeni panali khadi lachikasu lolandirira ufa ku Malawi, chikalata cha ubatizo cha Inês, ndi bokosi la foni, loyera, lokulungidwa m'pulasitiki.

"Ankapita nalo kutchalitchi," anatero mayiwo. "Misa ikatha, pabwalo paja, ankalitulutsa. 'Onani, mwana wanga wa ku Cuamba wandigulira yatsopano, ya m'bokosi.'"

Inês analandira bokosilo. Pamwamba pake panali chithunzi cha foni, ndipo pakona pomwe panayenera kuoneka makamera atatu panali potuwa, utoto utafufutika, ngati pagwera madzi.

"Apa panatani?"

"Foni yawo inali ndi kamera imodzi," anatero mayi Madalena. "Ankaopa kuti wina angawerenge."

Anatenganso bokosilo, analikweza m'mwamba momwe ankachitira amuna awo, n'kuika chala chachikulu pamalo potuwapo. Chala cha mayiwo chinali chaching'ono, sichinakwanire ponse.