Msana wa Eufemia

Eufemia Barrios, mayi wokazinga nsomba padoko la Magangué, ankakhala ndi moyo chifukwa cha mapiritsi. Tiziwalo take tiwiri ta pamwamba pa impso tinaleka kugwira ntchito ali mtsikana, ndipo adokotala anamuuza kuti azimwa mankhwalawo tsiku lililonse mpaka imfa, aziwonjezera pokhapokha akadwala.

Chaka china anadwala matenda osanza, mapiritsi osakhazikika m'mimba. Mwamuna wake Dagoberto anamunyamula ali lende, thupi litazizira, mpaka kuchipatala. Anapulumuka, koma mantha sanamuchoke. Kuyambira pamenepo ankamwa awiri m'malo mwa limodzi, kaya wadwala kaya ali bwino.

"Amake Yulieth, simukuchulutsa kodi?" Dagoberto ankafunsa.

"Mukufuna mudzandinyamulenso ngati thumba la chinangwa?"

Naye Dagoberto tsiku lija ankalikumbukira.

Zaka zinapita. Nkhope ya Eufemia inatupa, anzake padoko nkumamuseka kuti nsomba akudya yekha. Kenaka Yulieth, mwana wawo mmodzi yekhayo, anapeza ntchito ku Barranquilla nawasiyira khanda lake, Mariángel. Eufemia anatsitsimuka. Ankakagoneka kamwanako pamthunzi pafupi ndi chiwaya, akutembenuza nsomba uku akukaimbira.

Tsiku lina m'mawa anawerama kuti akanyamule. Anamva kuti thyo! kumsana, maso nkuchita mdima. Anagwada pansi mwana ali pachifuwa, osamutaya, mpaka anthu anabwera kudzamulanda.

Atamujambula kuchipatala, dokotala wamkazi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Mayi, mumamwa angati patsiku?"

Eufemia ananena zoona.

"Mankhwalawa ndi moyo wanu, musadzawasiye. Koma akachuluka amadya mafupa pang'onopang'ono. Anu afumbwa, ndipo fupa limodzi la msana laphwanyika. Tichepetsa mwapang'onopang'ono, tikupatsaninso ena olimbitsa mafupa. Koma zonyamula ziiwaleni."

"Ngakhale mwana?"

"Ngakhale mwana."

Yulieth anafika Loweruka. Anachapa, anaphika, akuzungulirazungulira nkhani, mpaka madzulo anakhala pamphepete pa bedi.

"Amayi, apongozi anga ku Sincelejo avomera kumusunga mwanayu."

"Ndikhoza kumamufukata nditakhala pansi."

"Nanga akayamba kukwawa? Akalowera kumtsinje?"

Eufemia anatembenukira kukhoma.

M'mawa mwake anakana kutsala pakhomo, anati awaperekeza kubasi. Anayenda pang'onopang'ono atagwira mkono wa Dagoberto, ndipo anazindikira kuti wafupika, mutu wake tsopano ukulekeza paphewa la mwamunayo. Pokwerera basi anamukhazika pampando wa mayi wogulitsa khofi, nkumuika Mariángel pamiyendo. Kamwanako kanamugwira mphuno, kakuseka.

Woyendetsa analiza hutala. Yulieth anatenga mwana nakwera osacheuka, misozi ili mbwee.

Basi itakhota pangodya, Dagoberto anati, "Tiyeni kunyumba, dzuwa lakula."

"Dikirani kaye," anatero Eufemia. "Miyendo idakali yofunda pamene anakhala."