Foni ya Bambo a Ziyad

Inu amene munamwa khofi wowawa m'tenti ya maliro kwathu ku Zarqa, ndi inu amene simunathe kubwera, khalani pansi mundimvere. Ndikunena za a Mifleh, bambo a Ziyad, amuna anga. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndingokamba mmene zikubwerera m'mutumu.

Tenti inali isanagwetsedwe pamene Suhair, mwana wathu wamkazi, anagwira khoma la kukhitchini n'kunena kuti, "Amayi, taonani pansipa." Ndinayang'ana. Magazi. Mwanayo anali ndi pakati, mwezi wake womwewo.

Bambo akewo anali atangopita ndi magazi omwewo. Anawachita opaleshoni yaing'ono kuchipatala chachikulu ku Amman, magazi osasiya, kuwathira ena, osasiyabe, mpaka basi. Madokotala a kumeneko anati m'magazi mwawo munkasowa kanthu kena kamene kamaumitsa bala, ndipo zimenezi zimayenda m'mtundu. Dzina la kanthuko anatchula, koma ndani akanaligwira tsiku limenelo? Anati musavutike, zonse zili m'fayilo yawo pa intaneti. Tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, za fayilo osaziganizanso.

Suhair tinathamanga naye kuchipatala chathu chapafupi. Dokotala wake anali mtsikana wowonda, wosadziwa kuzungulira mawu.

"Mayi, mwanayu ndiyenera kumutulutsa lero, ndi mpeni. Koma ndikadula ndisakudziwa chimene chikusowa m'magazimo, tenti yanu ija musaigwetse. Kuyeza kuno kumatenga masiku. Ndipezereni zotsatira za bambo ake, ndiitanitse mankhwala oyenera."

Ziyad, mwana wathu woyamba, anakhala pa benchi la m'khonde n'kutulutsa foni yake. Ndi iye amene anawatsegulira bambo ake zinthu za chipatalazo, ndiye polowera ankapadziwa. Analowa. Ndinaziona ndi maso angawa, timapepala tating'ono titandandalikana ngati zovala pa chingwe, kena kolembedwa za magazi. Anakadina kuti akatsitsire m'foni mwake. Chinthucho chinakana. Chinati, nambala yachinsinsi tatumiza ku foni ya wodwala, ilembeni apa.

"Foni ya bambo ili kuti?"

Lamis, mkazi wa Ziyad, ndi amene analandira chikwama cha malemu kuchipatala chija. Anati munali nkhwaira, magalasi, tasibi yopempherera ndi chingwe chotchajira, basi.

"Chingwe chopanda foni? Iwe, suyang'ana zinthu polandira?"

"Ndinali kugwira mayi ako akukomoka! Iweyo unali kuti, bwana wa zonse?"

Pamenepo a Fidda, alongo ake a malemu, anali atafika ndi ndodo yawo. Iwowo ndi amene anasonkhanitsa zovala za a Mifleh n'kukazigawa sadaka kwa osauka pa mzikiti.

"Azakhali, m'matumba munayang'anamo?"

"Ndiyang'ane m'matumba mwa munthu wakufa ngati wakuba? Bambo ako m'thumba mwawo munkakhala chiyani, kupatula njere za zipatso za tende?"

Ziyad anaimba nambala ya bambo ake. Foni inalira, inalira, osayankhidwa. Anaimbanso. Lamis anaimba pa yake, chimodzimodzi. Anaimbira chipatala cha ku Amman, anamuuza kuti lero ndi Lachisanu, tsiku lopuma, ofesi ya mafayilo atsegula Lamulungu. A kampani ya mafoni anati mwini nambala abwere yekha ndi chiphaso chake. Ziyad anawayankha mawu amene sindingabwereze pano.

Chitseko chinatseguka, namwino anatuluka ndi nsalu zofiira atazipinda kuti tisaone. Tinaona. M'katimo ndinamva Suhair akuitana bambo ake, osati ine, bambo ake. Ziyad anapita kumzikiti kukasaka anthu amene analandira zovala, n'kubwerako thukuta lokhalokha, atapisa m'matumba mwa nkhalamba zovala majekete a bambo ake. Dokotala anatulukanso.

"Mtima wa mwana ukufooka. Sindidikira mpaka madzulo."

Ine ndili ndi kafoni kanga kakale, kamabatani. Nambala ya amuna anga ndi yokhayo imene ndimadziwa kuipeza ndekha. Chiwaikireni ndinali ndisanaikhudze, ndinkaopa kumva ikulira popanda woyankha. Koma mmene ndinamva mawu a dokotalawo ndinangodina, sindikudziwa kuti ndinkafuna chiyani. Mwina ndinkafuna kuwakalipira. Mwatisiya ndi magazi anu, nanga foni mwapita nayonso?

Inangolira pang'ono.

"Amayi a Ziyad? Mtendere ukhale nanu!"

Mawu a mwamuna, kalankhulidwe ka ku Iguputo, kumbuyo kukumveka mphepo.

"Ndinu ndani?"

"Ndine Abdel-Sabour, ndinagona bedi loyandikana ndi a Haji, amuna anu, kuchipatala. Ndimagwira ntchito m'minda ya tomato kuno kuchigwa. Foni yanga inagwera m'ngalande, ana anga kumudzi ankayesa ndafa. Tsiku lotuluka ine, a Haji anandipatsa yawoyi. Anandilumbiritsa kuti, akaimba Ziyad kapena mkazi wake usayankhe, andivutitsa, koma akaimba mayi a Ziyad uyankhe, amenewo akuwa pang'ono kenako akuphikira. A Haji ali bwanji? Atuluka?"

Ndisanatsegule pakamwa, Ziyad anali atandilanda kafoni.

"Wakuba iwe! Ukudziwa kuti mlongo wanga akufa chifukwa cha iwe? Ndikupeza ndi apolisi, ubwerere kwanu wapansi!"

Foni inaduka.

Mwana wangayo ali ndi imvi m'ndevu, koma ndinamumenya mbama pamaso pa mkazi wake ndi anamwino onse. Munthu wa m'munda, mlendo m'dziko la eni, umutchulire apolisi? Ndinaimbanso, osayankha. Ndinaimbanso. Ndinakhala pansi pa simenti, mpango utagwera m'khosi, ndikulankhula ndi kafoni kolira kokha. "Mwanawe, yankha. Ndine ine, si iye. Yankha, chifukwa cha Mulungu." A Fidda anayamba kuwerenga duwa, pemphero lathu, mokweza.

Mpaka munthu uja anaiyankha foni. Ndinkangomva kupuma.

"Abdel-Sabour, mwana wanga, palibe wapolisi. Foniyo ndi yako, anakupatsa mwini wake. Pabwera uthenga wa manambala, undiwerengere. Mwana wa a Haji ali pa mpeni."

"Uthengawo ndiuona bwanji ndikulankhula nanu? Foni zazikuluzi sindizidziwa bwino."

Ziyad anagwada pambali panga, tsaya lili psuu, n'kunena motsitsa, "Achimwene, pepani. Kokerani chala kuchokera pamwamba."

Nambala yoyamba inafika mochedwa, mmene ankaiwerenga inali itafa kale. Kuchigwako netiweki ndi yovuta. Tinamumva akuthamanga, akupuma movutikira, akukuwira mnzake kuti aimike galimoto ya tomato akwere pamwamba pa mabokosi. Ziyad anadinanso. Munthuyo anawerenga imodziimodzi, mokuwa ngati akuitanira malonda, Ziyad akulemba chala chikuphonya.

Kenako kamzere kanayamba kuyenda pa foni. Kuyenda kwake ngati kwa nkhalamba yokwera masitepe. Kanaima pakati. Lamis anatsomphola foniyo m'manja mwa mwamuna wake n'kukaikweza pa windo. Kanayendanso. Pepala linatseguka, zilembo zachizungu zokhazokha. Dokotala anangoliyang'ana kamodzi, n'kutembenuka akuthamanga, akuitana dzina la mankhwala.

Tinatsala m'khondemo, kafoni kanga kakadali koyaka m'manja.

"Amayi a Ziyad, zatheka? Ndiye mundipatseko a Haji ndiwapatse moni. Ndawasungira bokosi la tomato wabwino, ankati wa mumsika sakoma."

Ndinamuuza. Ndinati a Haji tinawaika, tenti ikadali chiimire pakhomo.

Kenako anati, "Tsiku limene ankandipatsa foniyo, magazi anali akudontha pansi pa bedi lawo. Ndinati a Haji, nanga inu muimbira chiyani mukafuna anthu anu? Anati anga ali panja pa chitsekocho, ndikatsokomola alowa onse, ako ali kutsidya kwa nyanja. Anandiphunzitsa podina mpaka ndinamva mawu a mwana wanga. Iwo anatembenukira kukhoma kuti ndilire bwino."

Suhair anatuluka m'chipindamo dzuwa litapendeka, woyera ngati ufa, koma akupuma. Anamuthira mankhwala aja ndi magazi ambiri. Kamwanako n'kakakazi. Dokotala anati nakonso kakadzakula kakayezedwe, ndiye pepala lija Ziyad analitumiza kwa m'bale aliyense wa magazi amenewa, ngakhale amene sitilankhulana nawo.

Abdel-Sabour anafika tsiku lotsatira ndi bokosi pa phewa, tenti akuigwetsa. Anatulutsa foni atakulunga m'kansalu, n'kuiika patsogolo panga. Ndinaikankhira kwa iye. Anaikankhiranso kwa ine. A Fidda anagogoda ndodo pansi.

"Iwe, ukufuna mlongo wanga akaime pamaso pa Mulungu ngati munthu wolanda zimene anapereka? Tenga, ukhale pansi udye."

Anatenga, anadya, akulira m'mbale.

Ine ndakalamba, mutu wayamba kutaya zinthu. Dzulo ndinaiwala dzina la msewu wathu. Ndiye ndakusiyirani inu. Mukamatchula akufa anu m'duwa, muikepo a Mifleh, bambo a Ziyad. Ndipo kamwanaka kakadzafika pofunsa kuti agogo ake anali munthu wotani, ine ndisalipo, mudzakauze zimene mwamvazi.